Kachigamba Kwawo N'kuti?

M'dziko la Tilipamodzi timakhalamo mitundu itatu ya anthu okondana kwambiri: Akumtunda, Akuchigwa ndi Akudambo. Chikondi chathu n'chachikulu moti tikakhala moyandikana ndi mlendo m'basi, tisanamufunse n'komwe dzina, timayamba tamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti?" Akangoyankha timadziwiratu ngati ndi wakuba, waulesi kapena wonyada, ndipo ulendo umayenda bwino. Pa mbendera yathu, pa mabasi a boma ndi pa zitseko za zimbudzi za m'misika panalembedwa mawu akuti "Magazi Amodzi." Magaziwo ndi amodzidi, kungoti aliyense amadziwa mumtima kuti ake ndi ofiirirako pang'ono.

Chinthu chimodzi chokha chimene tinkagwirizana popanda kukakamizidwa ndi apolisi chinali Kachigamba. Ameneyu anali munthu wa m'sewero la pa wailesi, mkulu wokonza maambulera ndi zidebe zobooka, woyenda mudzi ndi mudzi atakoleka thumba la mawaya paphewa. Loweruka lililonse madzulo ankayamba ndi kukuwa kwake kuja, "Maambuleraaa! Zidebe zodonthaaa!" kenako n'kutsokomola kawiri. Akangotero dziko lonse linkaima. Amayi ankapsereza ndiwo, a kwaya ankafupikitsa nyimbo, ngakhale akuba ankayamba apuma kaye. Kachigamba ankanyoza nduna zogona pamisonkhano, apongozi ovuta ndi amuna obisa malipiro m'sokosi, ife n'kumaseka mpaka kugwira nthiti, aliyense akuganiza kuti akunenedwawo ndi a mtundu winawo.

Nkhope yake panalibe amene anaionapo, koma aliyense ankaidziwa bwinobwino. Akumtunda ankati ndi wamtali, chifukwa nzeru zotere sizingakhale mwa munthu wamfupi. Akuchigwa ankati ndi wojintcha, wa ndevu, ngati malume awo. Akudambo sankatsutsana ndi munthu, ankangomwetulira, poti iwo ankadziwa kuti ndi mwana wa kwawo.

Mwini mawu a Kachigamba anali a Dawudi Kasamu a ku Tikhalenawo, komboni ina ya mumzinda wathu waukulu wa Mpandowanga. Bambo awo anabwera pa sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja yamchere, anatsegula kagolosale ku Chigwa, n'kukwatira mkazi wa ku Mtunda. Choncho a Kasamu anatuluka oyererako khungu, a mphuno yosongoka ndi tsitsi lofewa. Chilankhulo cha bambo awo sankachidziwa ngakhale moni, pakuti bambowo anamwalira iwo akukwawa. Koma ife zimenezo zinalibe nafe ntchito. Akafika pa msika wa Akutiakuti n'kufunsa mtengo wa tomato, mtengowo unkayamba wakwera usanatchulidwe, ndipo ana ankawalondola akukuwa kuti "Bwana! Bwana!" pamene bwanayo chala chinali chitatulukira kunja kwa nsapato.

Mkulu wa wailesi amene anawalemba ntchito iwo adakali mnyamata anawauza mosabisa kuti, "Mawu muli nawo, achimwene, koma nkhopeyi muziisiya pageti." Iwo anamvera. Ankalowera khomo la kuseri, ndipo poti mawu a Kachigamba ndiwo anali mawu awo enieni, kunja ankachita kuwabisa. Ankalankhula cha m'mphuno, akupotoza Chichewa dala, monga mmene ife timayembekezera kuti munthu wa khungu lotero azilankhulira. Kunena zoona, sewero lenileni a Kasamu ankachitira mumsewu. Tsopano imvi zinali mbuu, ndipo mumtima munatsala chinthu chimodzi: kuti asanafe, anthu a dziko lawo adziwe kuti Kachigamba uja ndi iwo. Sankafuna mendulo kapena galimoto ayi. Ankangofuna tsiku lina adutse pamsika, wina awaloze n'kunena kuti, "Si awo!"

Ndiye kunachitika kuti Mfumu Salakwa Wachiwiri anapita kunja kukaphunzira mmene anzathu amathetsera njala, ndipo anabwerako atanenepa. Atatsika ndege, amayi ovina atamaliza kuvina, anaima pa nsanja n'kuyamba kulankhula.

"Anthu anga! Kumene ndachokerako, ngwazi zawo amaziona ndi maso. Ife mpaka liti tizingomva ngwazi yathu m'makutu ngati udzudzu? Ndalamula kuti kuyambira chaka chino Kachigamba achoke pa wailesi, apite pa kanema. Akhale ndi nkhope, ndipo nkhope imeneyo ikhale ya m'Tilipamodzi weniweni!"

Tinaomba m'manja mpaka manja kuwawa. Panalibe amene anakumbutsa mfumu kuti m'dziko muno magetsi amabwera mwa apo ndi apo, ndiponso kuti ambiri a ife kanema timamugwiritsa ntchito poikapo maluwa apulasitiki.

Ntchito yopeza nkhopeyo anaipereka kwa Dokotala Gwedemula, Nduna ya Zachikhalidwe, Magule ndi Kuomba M'manja. Udokotala wawo anapatsidwa ndi sukulu ina yakunja imene palibe anaionapo ngakhale pachithunzi. Iwo anakhazikitsa Bungwe Lofufuza Nkhope ya Kachigamba, la akuluakulu ochokera m'mitundu yonse itatu, ndipo bungwelo linayamba ndi kukangana kuti mpando wa pakati akhalepo ndani.

Ku msika wa Akutiakuti malonda anaima. Mayi Esinati, ogulitsa mafuta ophikira oyeza m'timabotolo, amenenso ndi a ku Chigwa mpaka m'mafupa, anaika manja m'chiuno.

"Inu musatinyanse. Kachigamba ndi wa kwathu. Simunamve tsiku lija akudya therere lopanda soda? Ndani wina amadya therere lotero?"

A Fulaye, ometa tsitsi pansi pa mtengo wa mbawa, anasiya mutu wa munthu utametedwa theka. Iwo ndi a ku Mtunda, ndipo sachedwa kukudziwitsani zimenezo. "Mayi, analidya akudandaula. Mumvetsere bwino nkhani. Munthu wodandaula ndi chakudya cha ku Chigwa ndi munthu wophunzira, ndipo ophunzira amachokera kuti? Ndikufunsa!"

"Nanga chifuwa chija?" anatero a Sandalamu a kaunjika, akukutumula buluku. "Chifuwa chimene chija n'cha chinyontho. N'cha ku Dambo chenicheni. Agogo anga anafa nacho, ndingachisokoneze ine?"

A Kasamu anali ataima pomwepo ndi kabotolo kawo, kudikira mafuta. Pakamwa pankawayabwa. Mayi Esinati anawaona, n'kuwathirira mafutawo osadzaza.

"Pepani bwana, takuchedwetsani. Inu simungazimve izi, n'zathu zachikuda."

"Ayi, palibe kanthu, mama," anayankha a Kasamu cha m'mphuno muja, n'kulipira mtengo wa bwana.

Atafika kunyumba anauza akazi awo, Nangondo, kuti bungwe lija laitana onse ofuna kukhala nkhope ya Kachigamba, ndipo iwo akupita kukayesedwa nawo. Nangondo anali akuchapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a Zelifa, kumeneko mukabwerako mutanyozeka. Anthu awa amakukondani chifukwa sakuonani."

"Mayi a Zelifa, moyo wanga wonse ndalowera khomo la kuseri. Ndife ndisanalowerepo la kumaso?"

"Chabwino, pitani. Koma muvale malaya oyera aja, kuti akamakuthamangitsani muzioneka bwino."

Tsiku loyesa anthu, mzere unayambira pa Nyumba ya Chikhalidwe mpaka kukafika pa depoti ya mabasi. Mnyamata aliyense anali ndi ambulera yobwereka, ndipo aliyense ankatsokomola, moti odutsa ankaphimba pamphuno poganiza kuti kwagwa mliri. A Kasamu atalowa m'chipinda cha bungwe, Dokotala Gwedemula anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ogulitsa nsalu za makatani akulowera khomo linalo, bwana."

"Olemekezeka, ndabwerera za Kachigamba."

Abale inu, kuseka kumene kunali m'menemo! Mkulu wina wa ku Dambo anachita kutsamwa ndi bisiketi. A Kasamu anadikira mpaka phokoso litatha, anatseka maso, n'kutsegula kukhosi.

"Maambuleraaa! Zidebe zodonthaaa!"

Anatsokomola kawiri. Mayi wobweretsa tiyi anagwetsa thireyi, n'kusuzumira pawindo kuti aone Kachigamba akudutsa mumsewu. Mkulu wa wailesi, amene anakhala pakona akutuluka thukuta, anapita kukanong'oneza nduna kuti n'zoona, munthu wake ndi yemweyu. Dokotala Gwedemula anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, koma nkhope inali yomweyo. Pamenepo anachita chimene m'Tilipamodzi aliyense amachita zinthu zikamuvuta.

"Bambo Kasamu, kwanu n'kuti?"

"Mayi anga anali a ku Mtunda, Olemekezeka."

Mkulu woimira Akumtunda anaimirira msangamsanga. "Pepani, a wapampando. Kwathu mwana ndi wa bambo. Mkazi akakwatiwa wapita, ana ake si athu. Bambo awo anali kuti?"

"Anakhazikika ku Chigwa. Ndinakulira komweko, manda awo ali komweko."

"Ndiye ndi wa ku Chigwa ameneyu," anatero wa ku Mtunda uja, n'kukhala pansi mtima uli m'malo.

"Iyayi, iyayi, tisanamizane pano," anatero mkulu wa ku Chigwa. "Kwathu mwana ndi wa mayi. Bambo ndi mlendo, amangobwera kudzamanga nyumba. Mwana uyu mbumba yake ili ku Mtunda, akamutenge eni ake."

Onse anatembenukira kwa mkulu wa ku Dambo, amene anali atangomaliza kulimbana ndi bisiketi ija. Iye anati kwawo sawerengera bambo kapena mayi, amawerengera pamene anakwirira mchombo wa mwana. "Mchombo wanu uli kuti, bambo?"

"Ndinabadwira m'chipatala cha mishoni konkuno ku Mpandowanga. Sindikudziwa kumene anamwino anautaya."

"Basitu," anatero mkuluyo mwachisoni. "Munthuyu alibe kwawo."

Bungwe lonse linagwedeza mitu. Aka kanali koyamba kuti mitundu itatu ya dziko lathu igwirizane pa chinthu chimodzi popanda kuitanitsa chakudya chamasana, ndipo mlembi analemba kuti tsikuli likumbukiridwe.

"Koma Olemekezeka," anatero a Kasamu, "Kachigamba ndine. Kutsokomola kuja n'kwanga, ndinayamba ndili ndi chimfine, anthu n'kukukonda. Ndakalamba naye munthu ameneyu."

"Mawuwo ndi anu, sitikukana," inatero nduna mokoma mtima. "Koma nkhope ya Kachigamba si yanu. Simukufanana naye ngakhale pang'ono, funsani aliyense. Ndipo nkhani imeneyi ithere m'chipinda muno. Ikangotuluka, dziko lipsa, ndipo woyamba kupsa mukhala inu."

Vuto linatsala lakuti nkhopeyo ikhale ya mtundu uti. Bungwe linapita ku hotela ya kuphiri kukaganiza, linabwerako, linapitanso, ndipo pomaliza linatulukira nzeru imene mpaka lero timaiphunzitsa m'sukulu. Kachigamba akhala anthu atatu. Polowa m'nyumba azikhala wa ku Mtunda, pokhala pansi wa ku Chigwa, potuluka wa ku Dambo. Atatuwo azingoyendetsa milomo, ndipo mawu azichokera kwa a Kasamu, amene azikhala pansi pa tebulo ndi chimkuzamawu, nsalu itawaphimba.

A Kasamu anavomera. Musawaseke, inunso mukanavomera. Anaganiza kuti munthu amene ali pansi pa tebulo wayandikirako kusiyana ndi amene ali kuseri kwa nyumba. Anangopempha kuti mwina tsiku lina awaonetseko, ngakhale akungodutsa.

"Zimenezo taziganizira kale," anatero Dokotala Gwedemula mosangalala. "Pali malo a mwini sitolo woumira, wobera anthu pa sikelo. Mukuoneka kuti munabadwira malo amenewo."

A Kasamu anakana. Anapempha kuti dzina lawo lokha lilembedwe kumapeto, pamene amalemba mayina a ochita sewero. Nduna inalonjeza kuti iona. Tsiku loyamba kuonetsa, Nangondo ndi mwana wawo Zelifa anapita kwa aneba amene ali ndi batire ya galimoto, anadikira mpaka kumapeto, maso ali pa kanema. Mayina anadutsa: a Kachigamba atatu, a nduna, a mkazi wa nduna, a woyendetsa galimoto ya nduna. Kenako panatuluka mzere wakuti, "Mawu: Boma."

Ife owonera sitinadabwe kuona munthu akulowa m'nyumba ali wamtali, n'kukhala pansi ali wojintcha wa ndevu, n'kutuluka ali wamfupi wa dazi. Tinazolowera kale, nduna zathu zimasintha kuposa pamenepo zikangosankhidwa. Chimene tinkayang'anitsitsa n'chakuti zabwino zikugwera Kachigamba wa mtundu uti. Poti kudya kumachitika munthu atakhala pansi, nkhuku zonse zinkathera mwa wa ku Chigwa. Akumtunda analemba madandaulo kuti mwana wawo akungogogoda zitseko ndi njala. Bungwe linalamula kuti Kachigamba azidyako ntchafu imodzi ali chiimire pakhomo. Akudambo nawo anati wawo amangotsanzika, sanamwepo ngakhale madzi, ndipo anapatsidwa chilolezo chotuluka ndi fupa.

Pansi pa tebulo paja a Kasamu ankapirira. Mawondo ankawawa, fumbi linkalowa m'mphuno, ndipo Kachigamba wa ku Chigwa, amene anali ndi mapazi aakulu, ankawaponda zala akamasangalala. Tsiku lina wa ku Mtunda anawerama n'kuwauza kuti, "Madala, mukufulumira. Muzitsatira milomo yanga. Kachigamba salankhula choncho."

Zinafika poipa tsiku la galu. Olemba sewero analemba kuti Kachigamba alumidwe ndi galu pamene akuchoka pa nyumba ya munthu wokana kulipira. Pamene akuchoka! Ndiye kuti wolumidwayo anali wa ku Dambo. M'mawa mwake Akudambo anadzaza misewu ndi zikwangwani zakuti "Matako Athu Si a Boma." Mafumu awo anafuna kudziwa kuti galuyo kwawo n'kuti. Apolisi atafufuza anapeza kuti mwini galu ndi wa ku Mtunda, koma galuyo anabadwa kwa galu wamkazi wa ku Chigwa, ndipo apa mkangano wa bambo ndi mayi unayambiranso. Ku msika wa Akutiakuti, a Sandalamu anathira mafuta a mayi Esinati pansi, mayi Esinati anagenda a Fulaye ndi botolo, a Fulaye anameta mwana wa a Sandalamu mpala popanda kupemphedwa. Utsi wokhetsa misozi unafika mpaka kunyumba ya mfumu, n'kusokoneza phwando la tsiku lobadwa la mphaka wa mfumukazi.

Apa Mfumu Salakwa anakwiya zenizeni. Anaitanitsa nduna zonse, olemba nkhani ndi amayi ovina.

"Ine ndinapatsa Kachigamba nkhope chifukwa chomukonda. Iye wandibwezera chipwirikiti. Munthu wogawa anthu anga sangakhale m'dziko langa. Chifukwa cha umodzi wa fuko lino, ndalamula kuti Kachigamba amwalire Loweruka likubwerali. Ndipo poti anali ngwazi, boma limuika m'manda mwaulemu wonse."

Amayi ovina anayamba nthungululu, kenako atamvetsa anasintha n'kuyamba kulira.

Bungwe linakhalanso pansi kusankha matenda. Malungo anakanidwa chifukwa akanaoneka ngati akunyoza udzudzu wa ku Dambo. Chibayo chinakanidwa chifukwa cha kuzizira kwa ku Mtunda. Anagwirizana kuti Kachigamba amwalire monga amamwalirira akuluakulu onse a m'dziko muno, "atadwala kwa nthawi yochepa." Anagoneka atatu aja pa bedi limodzi, bulangete limodzi, mitu itatu ili pa pilo, ndipo a Kasamu anawalowetsa pansi pa bedi. Kumeneko, ali chagada, akuyang'ana masipuling'i a dzimbiri, analankhula mawu otsiriza a munthu amene anakhala naye kuyambira unyamata. Atatuluka maso anali ofiira, ndipo wojambula anawauza kuti asamale, fumbi la pansi pa bedi ndi loipa.

Za kumene akaikidwe sindifuna kukutopetsani nazo. Mtundu uliwonse unakumba manda ake, ndipo adzukulu a mbali zonse zitatu anadya mbuzi. Pomaliza mfumu inagamula kuti aikidwe pakati pa mzinda wa Mpandowanga, pamphambano pamene pamakumana misewu yochokera ku Mtunda, ku Chigwa ndi ku Dambo, mutu utaloza kumwamba kuti pasakhale wodandaula. Akalipentala anachita kupanga bokosi loimirira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti maliro aikidwe, a Kasamu anavalanso malaya oyera aja n'kupita ku ofesi ya Dokotala Gwedemula. Uwu unali mwayi wawo wotsiriza, ndipo ankadziwa.

"Olemekezeka, ntchito yatha, munthu wafa. Palibenso chimene ndingawononge. Ndiloleni mawa ndilankhule m'malo mwa akubanja. Mawu awiri okha, anthu andimve, andione."

"Akubanja alipo kale, mabanja atatu, ndipo onse akufuna kulankhula," inatero nduna ikusaina makalata. "Inu mukalankhula monga ndani? Tiuzeni ubale wake."

A Kasamu anatsegula pakamwa, koma ubalewo unalibe dzina.

"Mwaonatu. Koma bwerani ndithu kumaliroko, ndi a aliyense. Kungoti m'matenti ndi mwa oitanidwa."

Maliro ake anali maliro, abale. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero. Masukulu anatsekedwa, mabasi ananyamula anthu ulere, asilikali anaguba ndi mfuti zozondotsa. Mu tenti ya kutsogolo munakhala mfumu ndi nduna, ndipo pambali pawo panakhala a Kachigamba atatu aja atavala masuti akuda, akulandira mapepeso pa imfa yawo yomwe. Woimira Akumtunda anawerenga mbiri ya malemu, nati anabadwira ku Mtunda. Woimira Akuchigwa anawerenga yake, woimira Akudambo yakenso, moti malemu anabadwa katatu dzuwa lisanafike pamutu. M'bokosimo munali matumba a mchenga, ndipo tonse tinkadziwa, koma tinalira ndithu, kulira kwenikweni, chifukwa munthu amene uja tinkamukonda.

A Kasamu ndi Nangondo anaima kumbuyo, padzuwa, pakati pa anthu a ku msika wa Akutiakuti. Mayi Esinati, a Fulaye ndi a Sandalamu anali atagwirizananso, atakoleka manja m'mapewa, mamina ali chuchuchu. A Kasamu anapirira mbiri zonse zitatu. Anapirira ulaliki. Anapirira nkhata za maluwa zimene zinatenga nthawi yaitali kuposa ulalikiwo. Koma pamene asilikali anayamba kutsitsa bokosi lija ndi zingwe, china chake chinaduka m'chifuwa mwawo. Munthu akamalira sasankha mawu. Cha m'mphuno chija chinathawa, ndipo kukhosi kunatseguka kokha.

"Mayo ine! Mnzanga wapita! Ndatsala ndi yani ine, mnzangaaa!"

Anali mawu omwe aja, athunthu, amene tinakula nawo, akumveka pamwamba pa khamu lonse. Chifuwa chinawagwira, anatsokomola. Anthu anasiya kulira. Mitu inatembenuka, mazanamazana, kufunafuna. Nangondo anagwira dzanja la amuna awo mwamphamvu, ndipo a Kasamu anadzutsa nkhope yonyowa ija kuti tiione bwino. Sanabise kanthu. Anaima pamenepo, dziko lonse likuwayang'ana.

Woyamba kulankhula anali a Fulaye.

"Asa! Bwana inu, manyazi mulibe? Pamaliro pano mukutsanzira malemu?"

"Chipongwe chenicheni," anatero a Sandalamu. "Anthu tikulira, iwo akuchita nthabwala. Achoke!"

"Achoke! Achoke!" Mawuwo anayenda mpaka kumatenti. Dokotala Gwedemula, amene ankadziwa zonse, anaweramitsa mutu n'kuyamba kuwerenga pulogalamu mwachidwi. Anyamata awiri achitetezo anabwera n'kuwagwira a Kasamu m'mikono, mwaulemu ndithu poti ndi achikulire, n'kuyamba kuwatulutsa. Khamu linapatuka kuwapatsa njira. Iwo sanalimbane nawo. Nangondo ankatsatira pambuyo atanyamula nsapato imodzi ya amuna awo imene inavuka.

Mayi Esinati anawayang'ana mpaka atazimiririka kuseri kwa mabasi. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kupukusa mutu.

"Ndiponso sakutha n'komwe," anatero. "Malemu mawu awo anali okoma."

Tonse tinavomereza kuti mayiwo anena zoona, ndipo tinatembenukira kumanda kuja n'kupitiriza kulira.